Aphunzitsi amene sadafunsidwe

Chaka chatha ndidafuna chithunzi cha pachikuto cha kabuku kanga ka nkhani zifupizifupi. Kwa zaka zambiri ntchito yotere ndinkaipereka kwa mnzanga wina wojambula pamanja, mayi wosamala kwambiri amene amatenga masabata awiri kapena atatu pa chithunzi chimodzi, amawerenga nkhani zonse asanagwire pensulo, ndipo sachita manyazi kukana ganizo langa akaona kuti ndi lopanda mchere. Ulendo umenewu ndidathamangira zachidule. Ndidalemba mizere itatu m'pulogalamu ya AI (nzeru zopangidwa ndi makompyuta) yopanga zithunzi, ndipo mphindi imodzi isanathe pakompyuta panga padaoneka zithunzi zinayi zooneka ngati zajambulidwa ndi munthu amene waphunzira luso zaka makumi awiri. Ndidasankhapo chimodzi n'kumutumizira mnzangayo, sindikudziwa kuti ndinkayembekezera chiyani, mwina kuti andiyamikire. Yankho lake lidali lalifupi: "Achimwene, n'chokongola ndithu. Koma mudafunsako kuti makinawo adawaphunzitsa ndani?"

Funsoli lidandikhala pakhosi miyezi ingapo, chifukwa yankho lake ndinkalidziwa pang'ono koma sindinkafuna kuliyang'anitsitsa. Makina opanga zithunzi ndi mawu sabadwa ndi luso. Amaonetsedwa zitsanzo zosawerengeka, chithunzi pamodzi ndi mawu ochifotokoza kapena ndime ya buku imene mawu ake otsatira abisidwa, ndipo nthawi iliyonse akalakwitsa kulosera, manambala mabiliyoni amene ali m'kati mwake amasinthidwa pang'ono. Pamapeto pake m'makinamo simukhala mulu wa zithunzi ngati m'chimbale, koma mumakhala manambala amene atengera kalembedwe ndi kajambulidwe ka zonse zimene adaonetsedwa. Pulogalamu yopanga zithunzi ya Stable Diffusion, imene kampani ya Stability AI idatulutsa mu Ogasiti 2022, idaphunzitsidwa ndi zigawo za mndandanda wotchedwa LAION-5B, umene bungwe lina la ku Germany lidasonkhanitsa, wokhala ndi zithunzi ndi mawu ake pafupifupi 5.85 biliyoni zotoledwa pa intaneti. Kumbali ya mabuku kudali mndandanda wa Books3, wokhala ndi mabuku oposa 190,000 otengedwa pamalo ena a pa intaneti ogawirana mabuku obedwa. Eni ake a zithunzi ndi mabuku amenewa sadafunsidwe, ndipo ambiri adangodzidzimuka kupeza maina awo m'mindandamo ntchito itatha kale.

Makampani enieniwo sabisa kuti ntchito za anthu ndi zimene zikuyendetsa makinawa. Kampani ya OpenAI, imene idatulutsa pulogalamu yoyankha mafunso ya ChatGPT pa 30 Novembala 2022, idalembera komiti ya House of Lords, mbali ya nyumba ya malamulo ku London, kuti n'kosatheka kuphunzitsa makina apamwamba a masiku ano popanda kugwiritsa ntchito zinthu zotetezedwa ndi malamulo a umwini, amene ambirife timangowatchula kuti copyright. Ndikawerenga mawu amenewa ndimaona kuti ndi oona, ndipo choonadi chake n'chimene chimandivuta. Chinthu chimene ntchito yako singayende popanda icho ndi chinthu chamtengo, ndipo m'malonda ena onse chinthu chamtengo chimagulidwa. Makampaniwa amalipira magetsi, amalipira makompyuta amphamvu, amalipira akatswiri awo malipiro aakulu, koma chipangizo chimodzi chokha, chimene iwo eni akunena kuti popanda icho palibe chingatheke, ndi chimene adaganiza zotenga ulere.

Mtsutso umene ndinkadzitonthoza nawo ndi umene umamveka paliponse, wonena kuti makina amaphunzira monga momwe munthu amaphunzirira. Inenso ndidaphunzira kulemba powerenga anthu ena, ndipo palibe mlembi amene ndidamupempha chilolezo kuti nditengere kayendedwe ka ziganizo zake. Mnzanga wojambula uja adayamba ndi kutsanzira zithunzi za akatswiri amene sadakumane nawo n'komwe. Ngati kuphunzira kuchokera kwa ena kukadakhala kuba, bwenzi aluso onse ali akuba. Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu, ndipo sindikufuna kuinyoza. Komabe ikayang'anitsitsidwa imayamba kung'aluka. Munthu amene wawerenga mabuku chikwi amatuluka m'menemo ali munthu mmodzi, wotopa, woiwala, wolemba buku limodzi pa zaka ziwiri, ndipo akamapikisana ndi aphunzitsi ake amapikisana nawo ngati mnzawo wapamsika. Makina amene awerenga mabuku mamiliyoni amatuluka ali katundu wa kampani, wogulitsidwa kwa anthu mamiliyoni nthawi imodzi, wosagona, wotha kutulutsa pa tsiku limodzi zolemba zochuluka kuposa zimene mlembi angalembe pa moyo wake wonse. Alembi ndi ojambula akale adavomereza mumtima kuti ana am'tsogolo adzaphunzira kwa iwo, chifukwa iwonso adalandira motero, koma palibe amene adavomereza kuti ntchito yake idzakhale chipangizo cha fakitale yotulutsa zolowa m'malo mwake.

Palinso kanthu kena kakang'ono koma kosayenera kukaiwala, kakuti nthawi zina makinawa saphunzira chabe koma amaloweza. Mu 2023 ofufuza a ku Google ndi a m'mayunivesite angapo adaonetsa kuti n'zotheka kukakamiza makina opanga zithunzi kutulutsa zithunzi zofanana pafupifupi ndendende ndi zimene adaphunzitsidwa nazo, makamaka zimene zidabwerezedwa kambiri mumndandanda. Kampani yogulitsa zithunzi ya Getty Images idaonetsa zithunzi zopangidwa ndi Stable Diffusion zimene zidatuluka ndi chidindo chake chopotoka. Nyuzipepala ya New York Times, posumira OpenAI ndi Microsoft pa 27 Disembala 2023, idapereka kukhoti zitsanzo zana za nkhani zake zimene makina adazibwereza pafupifupi liwu ndi liwu. OpenAI idayankha kuti limeneli ndi vuto losachitika kawirikawiri ndipo mafunso adachita kukonzedwa mwadala kuti makinawo abwereze. Mwina zili choncho, koma chinthu chimene mulibe sichingatuluke ngakhale wofunsa atachenjera motani.

Nditafika pamenepa ndidaganiza kuti lamulo ndi limene lindimasule, kuti ngati makhoti anena kuti n'zololedwa ndiye kuti ndilibe mlandu. Malamulo a umwini ali ndi mbiri yaitali, ndipo chiyambireni akhala mgwirizano pakati pa mlembi ndi anthu onse, osati mpanda wotsekereza kwamuyaya. Lamulo la ku Britain la mu 1710, lodziwika ndi dzina la Mfumukazi Anne, lidapatsa mlembi zaka 14 zokha, zowonjezereka ndi zina 14 ngati akadali moyo, ndipo cholinga chake chidalembedwa poyera kuti n'kulimbikitsa maphunziro. Pangano la ku Berne la mu 1886 lidafalitsa chitetezo chimenechi m'maiko ambiri. Ku America, kumene milandu yambiri ya AI ikuzengedwa, kuli mfundo yotchedwa fair use, imene imalola kugwiritsa ntchito chinthu cha wina popanda chilolezo ngati woweruza, atayeza zinthu zinayi, apeza kuti n'koyenera. Amayang'ana cholinga cha wogwiritsa ntchitoyo ndi ngati wasandutsa chinthucho kukhala chatsopano, mtundu wa ntchito yotengedwayo, kuchuluka kwa zimene watenga, ndiponso ngati msika wa mwini wake wawonongeka. Mfundo yomweyi ndi imene idapulumutsa Google mu 2015 pamlandu wa kujambula mabuku mamiliyoni a m'malaibulale, chifukwa khoti lidaona kuti munthu wofufuza mawu m'mabukumo ankangoonetsedwa tizidutswa, ndipo akafuna buku lonse ankayenerabe kukaligula.

Chigamulo chimene chidandiphunzitsa zambiri ndi cha mu Juni 2025, cha woweruza William Alsup wa ku San Francisco, pamlandu umene alembi atatu adasumira kampani yopanga makina a AI ya Anthropic. Kampaniyi idapeza mabuku m'njira ziwiri. Idagula mabuku osindikizidwa mamiliyoni, n'kuwadula misana, n'kujambula tsamba lililonse kulowetsa m'kompyuta, kenako n'kutaya mapepalawo. Idatenganso mabuku oposa 7 miliyoni pamalo a pa intaneti ogawa mabuku obedwa, monga LibGen. Woweruzayo adagamula kuti kuphunzitsa makina ndi mabuku ndi fair use, popeza makinawo akupanga chinthu chosiyana kwambiri ndi mabukuwo, ndiponso kuti kusandutsa buku logulidwa kukhala la pakompyuta sikulakwa. Koma adati kusunga laibulale ya mabuku obedwa n'kulakwa, ngakhale cholinga chake chitakhala chabwino motani. Mu Seputembala chaka chomwecho kampaniyo idavomera kulipira madola 1.5 biliyoni, pafupifupi madola 3,000 pa buku lililonse mwa mabuku pafupifupi 500,000, ndalama zoti mlembi agawane ndi wosindikiza buku lake.

Alembi ambiri adaomba m'manja, ndipo ndalamazo n'zochulukadi. Koma ine nditakhala pansi ndidaona kuti ndalama zimenezi sizidalipire chimene chinkawapweteka alembiwo mumtima. Zidalipira njira imene mabuku adalowera m'nyumba, osati ntchito imene adagwiritsidwa atalowa. Kutsatira chigamulochi, kampani imene yagula kope limodzi lakale la buku langa ikhoza kuphunzitsa nalo makina ake, ine ndifune ndisafune, ndipo sindingalandirepo kalikonse chifukwa kope logulitsidwa kachiwiri silipereka kanthu kwa mlembi. Kuwonjezera apo, kuti buku lilowe m'gulu lolandira ndalamazo linkayenera kukhala lolembetsedwa ku ofesi ya umwini ya ku America, zimene alembi ambiri a m'maiko ena sachita popeza malamulo a kwawo sawauza kutero. Motero pa mabuku mamiliyoni amene adatengedwa, olipiridwa ndi kagawo chabe, ndipo mlembi wakutali amene buku lake lidamezedwa limodzi ndi enawo adangomva nkhaniyo ngati mphekesera.

Patangopita masiku awiri chigamulo cha Alsup chitaperekedwa, woweruza wina wa m'khoti lomwelo, Vince Chhabria, adagamula mlandu wa alembi 13 amene adasumira Meta, kampani ya Facebook. Nayenso adapereka chipambano kwa kampani, koma adalemba momveka bwino kuti alembiwo agonja chifukwa adabweretsa mfundo zolakwika ndi umboni wosakwanira, osati chifukwa chakuti zimene kampaniyo idachita n'zololedwa nthawi zonse. Adatsutsanso fanizo la mnzake Alsup, amene adayerekeza kuphunzitsa makina ndi kuphunzitsa ana asukulu kulemba bwino. Kwa Chhabria, vuto lenileni ndi kusefukira kwa msika, pamene makina ophunzitsidwa ndi mabuku a anthu adzaza msika ndi mabuku ofanana nawo mpaka mlembi wosatchuka asowa pomvekera. Mfundo imeneyi ndi imene ndikuiona kuti ili pafupi ndi chilonda chenicheni. Mlembi wotchuka adzagulitsabe chifukwa owerenga amafuna dzina lake, koma wojambula zikuto za timabuku, womasulira makalata, wolemba nkhani zotsatsa malonda, woimba tinyimbo ta m'mafilimu aafupi, amenewa ndi amene ntchito imawachokera mwakachetechete, popanda aliyense wokopera chithunzi chawo chimodzi chimene angaloze m'khoti. Mnzanga uja sadabedwe chithunzi. Adangosowa kuitanidwa, ndipo wosamuitanayo ndidali ine.

Kunja kwa America nako mayankho sakugwirizana. Mu Novembala 2025 khoti lalikulu la ku London lidakana mbali yaikulu ya dandaulo la Getty Images, ponena kuti makina a Stable Diffusion sasunga makope a zithunzi m'kati mwake, pamene m'mwezi womwewo khoti la ku Munich lidagamula mokomera GEMA, bungwe la olemba nyimbo a ku Germany, kuti mawu a nyimbo amene makina a OpenAI adaloweza ndi makope ndithu. Japan idasintha lamulo lake mu 2018 kuti kusanthula zolemba ndi makompyuta kukhale kololedwa kwambiri, pamene European Union mu 2019 idalola zomwezo pokhapokha ngati mwini wake wanena kuti sakufuna. Ndidazindikira kuti munthu amene akudikira makhoti kuti amuuze chabwino ndi choipa adzalandira yankho losiyana malinga ndi mzinda umene waima.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimasiyana nacho ndi anzanga ena aluso, ndipo ndichinena ngakhale sichikondweretsa. Wojambula wa ku Poland, Greg Rutkowski, adapeza mu 2022 kuti dzina lake lalembedwa kambirimbiri ndi anthu olamula makina kuti awajambulire zithunzi m'kajambulidwe kake, mpaka pofufuza dzina lake pa intaneti pankatuluka zithunzi zimene iye sadajambule. Zimenezi n'zopweteka, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake ena akufuna kuti lamulo liyambe kuteteza kajambulidwe ndi kalembedwe ka munthu. Koma lamulo silidatetezepo kalembedwe kapena ganizo, limateteza ntchito yeniyeni imene yalembedwa kapena kujambulidwa, ndipo ndikuona kuti pamenepa lamulo lili ndi nzeru. Tsiku limene kajambulidwe kadzakhale katundu, amene adzakhale nako kochuluka si Rutkowski kapena mnzanga uja, koma makampani aakulu a mafilimu ndi nyimbo amene ali ndi maloya okwanira kusumira mwana aliyense wojambula mofanana ndi katundu wawo. Disney ndi Universal, amene adasumira Midjourney, kampani ina ya makina opanga zithunzi, mu Juni 2025, sadapite kukhoti kukamenyera wojambula wapayekha. Njovu zikamalimbana udzu ndi umene umavutika, ndipo sindikufuna kuti pofuna kulanga njovu imodzi tipatse inzake minyanga yotalikirapo. Nkhani ya mawu ndi nkhope ya munthu ndi yosiyana, chifukwa kupanga nyimbo ndi mawu a woimba amene sadaimbe n'kunamiza omvera, ndipo boma la Tennessee ku America lidachita bwino kukhazikitsa lamulo loletsa zimenezi mu 2024.

Chimene ndikuchiona kuti chidasowa kuyambira pachiyambi ndi kupempha. Makampani atayamba kudzudzulidwa adabweretsa njira yoti amene sakufuna anene. Mu Ogasiti 2023 OpenAI idalengeza kuti mwini tsamba la pa intaneti akhoza kuletsa pulogalamu yake yotola zolemba polemba mzere m'kafayilo kotchedwa robots.txt, kamene kadayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1994 pa zolinga zina, ndipo kamadalira ulemu wa wotolayo chifukwa kalibe mphamvu yotseka khomo. Njira imeneyi ili ndi mavuto atatu amene amandikwiyitsa mosiyanasiyana. Idabwera makina ataphunzira kale, ndipo madzi akatayika sawoleka. Imathandiza mwini tsamba yekha, pamene chithunzi cha wojambula chimapezeka pamasamba ambirimbiri a anthu ena amene iye sangawalamule. Koma vuto lalikulu n'lakuti imatembenuza katundu wa udindo n'kumusenzetsa wofooka. Kuyambira 1908, pamene Pangano la ku Berne lidakonzedwanso ku Berlin, mfundo yakhala yakuti mlembi safunika kulembetsa kapena kudzaza fomu kuti ntchito yake itetezedwe, wofuna kuigwiritsa ntchito ndiye amagogoda pakhomo. Tsopano wojambula mmodzi, amene mwina sadziwa n'komwe maina a makampani onse ophunzitsa makina, akuuzidwa kuti aziyendera lililonse n'kumapempha kuti asamutengere zake.

Ndikudziwa zimene anthu a m'makampaniwa amayankha, kuti kupempha anthu mamiliyoni n'kosatheka, ndipo kulipira aliyense kungapatse munthu tindalama tosagula kanthu uku kukupha makampani aang'ono amene sangakwanitse kugula zilolezo. Mbali yachiwiri ya yankholi ndi yoona ndipo imandidetsa nkhawa, chifukwa dziko limene makampani anayi kapena asanu okha ndi amene angathe kuphunzitsa makina si dziko labwino. Koma mbali yoyamba idatsutsidwa ndi zochita za makampani omwewo. OpenAI idagwirizana zogwiritsa ntchito zolemba za makampani aakulu ofalitsa nkhani: ndi Associated Press mu Julayi 2023, ndi Axel Springer mu Disembala chaka chomwecho, ndi News Corp mu Meyi 2024. Apa zikuoneka kuti kupempha n'kotheka pamene wopemphedwayo ali ndi maloya. Adobe idaphunzitsa makina ake a Firefly ndi zithunzi za m'nkhokwe yake zimene ili nazo chilolezo pamodzi ndi zimene nthawi ya umwini wake idatha. Ed Newton-Rex, amene ankatsogolera gawo la nyimbo ku Stability AI, adasiya ntchito mu Novembala 2023 chifukwa chosagwirizana ndi maganizo a kampaniyo pa fair use, n'kuyambitsa bungwe la Fairly Trained lopereka chizindikiro kwa makina ophunzitsidwa ndi zinthu zachilolezo. Ndipo oimba akhala ndi mabungwe otolera ndalama ku mawailesi kwa zaka zoposa zana, kutanthauza kuti njira yolipira anthu ambirimbiri tindalama tapang'onopang'ono si yachilendo padziko lino.

Aphunzitsi a makinawa si alembi ndi ojambula okha. Mu Januwale 2023 magazini ya Time idaulula kuti antchito a ku Kenya, olembedwa kudzera ku kampani ya Sama, ankawerenga ndi kuika zizindikiro pa zolemba zonyansa zokhudza nkhanza ndi kugwiririra kuti ChatGPT iphunzire kuzipewa, ndipo ankalandira ndalama zosafika madola awiri pa ola. Malamulo a umwini alibe chonena pa anthu amenewa, chifukwa sadalembe buku kapena kujambula chithunzi, ndipo zimenezi zimandikumbutsa kuti nkhani ya chilungamo m'makinawa ndi yotakata kuposa imene maloya a copyright angaikwanitse.

Palinso mbali imene imandikoka kuwiri. Amene timalemba m'zilankhulo zokhala ndi zolembedwa zochepa timadandaula kuti makinawa satimva bwino, kuti amaphotchola ziganizo zathu ndi kupeka mawu amene kulibe. Kuti atimve ayenera kuwerenga zolemba zathu, ndipo ine mwini ndimafuna kuti mwana wobadwa lero adzathe kufunsa makina m'chilankhulo cha amayi ake n'kuyankhidwa bwino. Ndingakane bwanji kutengeredwa zolemba uku ndikulira kuti sakundiwerenga? Yankho limene lidandikhutiritsa ndidalipeza kwa Amaori a ku New Zealand. Bungwe lawo loulutsa mawu la Te Hiku Media lidapempha anthu a mtundu wawo kuti ajambule mawu, ndipo mu 2018 lidasonkhanitsa maola oposa 300 m'masiku 10, n'kupanga makina awoawo omva chilankhulo chawo. Kenako lidalemba chilolezo chakechake chonena kuti mawuwo akusungidwa m'malo mwa eni ake ndipo phindu lake liyenera kubwerera kwa iwo. Anthuwo sadakane makina, adangofuna kufunsidwa, ndipo atafunsidwa adapereka mowolowa manja kuposa mmene wakuba akadatengera.

Funso lakuti chithunzi changa chija chidali cha yani lidandiseketsa nditalifufuza. Ku America makhoti adagamula pamlandu wa Stephen Thaler, mu 2023 ndiponso pa apilo mu Malichi 2025, kuti ntchito yopanda mlengi waumunthu singatetezedwe. Jason Allen, amene chithunzi chake chopangidwa ndi Midjourney chidapambana mpikisano ku Colorado mu 2022, adakanizidwa umwini ngakhale adanena kuti adalamula makinawo maulendo osachepera 624. Khoti lina la ku Beijing lidaona mosiyana mu Novembala 2023 ndipo lidapatsa umwini munthu amene adasankha mawu ndi kukonza chithunzi chake mobwerezabwereza. Ine ndi mizere yanga itatu sindikadakhala ndi ponena, ndipo ndidadzipeza ndikuda nkhawa kuti wina akhoza kutenga chikuto changa n'kuchiika pabuku lake popanda kundipempha. Anyani amasekana zikundu.

Sindidasiye kugwiritsa ntchito makinawa, ndipo likadakhala bodza ndikadanena kuti ndidasiya. Ndimawafunsa tanthauzo la ndime yovuta ya lamulo, ndimawapatsa zolemba zanga kuti andisonyeze pamene ndabwereza mawu, ndipo pa ntchito zimenezi palibe munthu amene ndikadamulemba ganyu. Malire amene ndidadziikira ndi osakwanira ndipo ndikudziwa kuti amandikomera ine mwini, koma ndi awa: sindilamula makina kutsanzira munthu wamoyo pomutchula dzina, sindibisa kwa owerenga pamene makina agwira ntchito, ndipo pamene ndikadalipira munthu ndipo ndingathe kumulipira, ndimalipira munthuyo. Kwa opanga malamulo ndikadapempha choyamba chimene European Union idayamba kufuna kuyambira Ogasiti 2025, kuti kampani iliyonse ifotokoze poyera zimene idaphunzitsira makina ake, chifukwa munthu sangadandaule za chinthu chimene sakudziwa ngati chidatengedwa.

Chithunzi cha makina chija sindidachigwiritse ntchito. Ndidabwerera kwa mnzanga ndi manyazi pang'ono, ndipo iye sadandinyoze, adangopempha kuti ndimutumizire nkhani zonse monga mwa nthawi zonse. Adatenga masabata atatu, adakana ganizo langa loyamba, ndipo adajambula munthu wa m'nkhani yachinayi amene ine ndinkamuona ngati wosafunika. M'kalata ya mgwirizano wathu adawonjezera mzere umene sudalipo kale, wonena kuti chithunzicho chisagwiritsidwe ntchito pophunzitsa makina, ndipo ndidasaina tonse tikudziwa kuti chikuto chikangofika pamasamba ogulitsira mabuku palibe mmodzi wa ife amene angaletse pulogalamu yotola zithunzi kuchitenga. Asananditumizire fayilo yomaliza adaidutsitsa mu Glaze, pulogalamu imene gulu la Ben Zhao ku University of Chicago lidatulutsa mu 2023, imene imasintha timadontho ta chithunzi pang'ono kwambiri kuti makina asokonezeke poyesa kutengera kajambulidwe kake. Ndidakulitsa chithunzicho pakompyuta n'kuyang'anitsitsa kumwamba kwake, pamene pali mtundu wofiirira, ndipo ndidaona timizere tosaoneka bwino tokhala ngati mafunde a pamadzi, timene pensulo yake sidajambule.